Mthunzi usakhale wa olemera okha m'mizinda yathu

Tulukani pakhomo panu ndi mwana wa zaka zitatu, muyende pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu. Kodi mufika pamalo pamene mwanayo angathamange momasuka, osaopa galimoto kapena kabaza, inu n'kukhala pansi pamthunzi popanda wokulipiritsani kapena kukuthamangitsani? Ngati mumakhala ku Area 10 ku Lilongwe kapena ku Namiwawa ku Blantyre, mwina simufunikanso kutuluka pageti poti kapinga ndi mitengo zili mumpanda momwemo. Ngati mumakhala ku Mtandire, ku Mgona, ku Mbayani kapena ku Ndirande, nthawi zambiri yankho ndi lakuti ayi. Bwalo la mwana wanu ndi msewu, ngalande kapena kampata ka pakati pa nyumba yanu ndi chimbudzi cha aneba.

Ambiri timaiona nkhaniyi ngati yongokongoletsa tauni, yoti tidzaiganizire tikadzalemera. Ine monga wachipatala ndikuti iyi ndi nkhani ya umoyo, yofanana ndi ya mpope wa madzi kapena chimbudzi. Malo a mitengo ndi udzu otseguka kwa aliyense amateteza thupi ku matenda, ndipo amene akuwafuna kwambiri ndi omwe akumanidwa. Pempho langa ndi lakuti malo oterewa azipatulidwa mapuloti asadagulitsidwe, ndipo madera othithikana ndiwo aziyamba kuganiziridwa. Mankhwala akatha kuchipatala timadikira, amabweranso. Koma pabwalo akangomangapo nyumba, bwalolo lapita mpaka kalekale.

Mizinda ikukula, mabwalo akutha

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe muli anthu 989,318, ku Blantyre 800,264, ku Mzuzu 221,272 ndipo ku Zomba 105,013. Pa kalembera wa 2008, Lilongwe idali ndi anthu osakwana 700,000. Izi zikutanthauza kuti m'zaka 10 zokha, anthu amene adawonjezekera kulikulu adaposa anthu onse a mumzinda wa Mzuzu. Onsewa amafuna pogona, ndipo ambiri amakapeza malo kumadera opanda pulani, kumene puloti amaidula ndi chingwe ndi khasu, aliyense n'kumanga mpaka m'malire.

Lilongwe, yomwe idakhala likulu mu 1975, idakonzedwa ngati mzinda wa m'mitengo. N'chifukwa chake pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango yotetezedwa m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, komanso munda wa mitengo ndi maluwa pafupi ndi pamene pali Nyumba ya Malamulo lero. Koma pulani yomweyo idaika mapuloti akuluakulu kufupi ndi Capital Hill, anthu wamba n'kuwaika kutali pa mapuloti ang'onoang'ono. Ku Blantyre kusiyanaku kudayamba nthawi ya atsamunda: azungu m'mayadi a mitengo ku Sunnyside ndi ku Mandala, antchito awo mothinana ku Ndirande. Atsamunda adapita, koma kagawidwe ka mthunzi kadatsala momwemo. Mtandire ndi Area 47 zimayang'anizana, koma munthu akachoka kwina kulowa kwinaku mu Okutobala, thupi lokha limamuuza kuti wadutsa malire.

Wina akaphatikiza mitengo yonse ya mumzinda n'kuigawa ndi chiwerengero cha anthu, angathe kunena kuti zinthu zili bwino. Kuwerengera kotereku kuli ngati kunena kuti banja lonse ladya nkhuku pamene watafuna ndi bambo yekha. Bwalo la gofu ndi la mamembala. Malo ena osungira zachilengedwe amalipiritsa pakhomo, ndipo m'pomveka poti amafuna ndalama zosamalira malowo, koma mayi wa ana anayi wa ku Chinsapo akawerengera minibasi ndi cholowera, ulendo umathera pompo. M'madera ambiri a ku Lilongwe, nkhalango yeniyeni yomwe yatsala ndi ya kumanda, chifukwa mwambo suloleza kudulamo mitengo mwachisawawa. Tidakwanitsa kusungira akufa mthunzi, amoyo ndiye tawaiwala.

Bwalo silitha tsiku limodzi. Pakona pamayamba kontena ya hokala, kenako pochapira galimoto. Ena amayamba kuumbapo njerwa, ena kutayapo zinyalala. Tsiku lina mumangoona mulu wa mchenga ndi maziko, kenako mpanda. Mukafunsa, amakuuzani kuti mwini wake ali ndi mapepala. Ngakhale mitengo ya m'misewu ikuluikulu siitetezeka: mu 2021 anthu ambiri adadandaula pamene mitengo yakalekale ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe idagwetsedwa pokulitsa msewuwo. Msewu umamangidwa zaka zochepa, koma mbawa imatenga zaka makumimakumi kuti ifike popereka mthunzi woterowo.

Kodi thupi limapindula chiyani?

Choyamba ndi kuyenda ndi kusewera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azikhala akusewera ndi kutakataka kwa mphindi 180 patsiku, wa zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi 60 patsiku, ndipo wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo udachita mothandizana ndi WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kuyenda ndawala kumathandiza kutsitsa BP ndi shuga m'magazi, ndipo n'kwaulere.

Mwina mukuti osauka amayenda kale wapansi tsiku ndi tsiku. Zoona, ambiri amatero. Koma ganizirani za mayi amene amakhala pansi pamsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, agogo amene mawondo akuwavuta, kapena bambo amene adadwala sitiroko ndipo akuphunziranso kuyenda. Tikawauza kuchipatala kuti aziyenda mphindi 30 patsiku, funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, “Ndiziyenda kuti, adokotala?” Njira ya kwawo ndi yamiyala ndi matope, msewu wa tala ulibe poyenda apansi, ndipo njinga zamoto zimadutsa ngati mphepo. Uphungu wopanda malo ochitira uli ngati kulembera munthu mankhwala amene m'famase mulibe.

Chachiwiri ndi kutentha. Malata, simenti ndi tala zimasunga kutentha masana n'kumakutulutsa usiku, n'chifukwa chake m'nyumba ya malata yopanda siling'i tulo sitibwera mu Okutobala ndi Novembala. Mtengo umaziziritsa m'njira ziwiri: umatchinga dzuwa kuti lisawombe denga ndi nthaka, komanso masamba ake amatulutsa madzi mumpweya, zomwe zimachotsa kutentha monga momwe thukuta limachitira pakhungu. Amene kutentha kumawapweteka msanga ndi makanda, okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala mtima kapena impso. Palinso abale athu achialubino, omwe kalembera wa 2018 adawapeza oposa 134,000. Kwa iwo, mthunzi wa panjira ya kusukulu ndi pabwalo la masewera ndi chitetezo ku khansa ya pakhungu.

Chachitatu ndi mtendere wa mumtima. Mu 1984, katswiri wina dzina lake Roger Ulrich adayerekeza odwala amene adachitidwa opaleshoni yochotsa ndulu pachipatala china ku Pennsylvania, m'dziko la America. Amene windo lawo lidayang'ana kumitengo adatuluka m'chipatala msanga ndi pafupifupi tsiku limodzi, ndipo adafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa poyerekeza ndi amene windo lawo lidayang'ana khoma la njerwa. Makolo athu sadadikire kafukufuku kuti adziwe izi. Kumudzi milandu, bawo ndi macheza zimachitikira pansi pa kachere. M'tauni, banja la anthu asanu ndi mmodzi likamakhala m'chipinda chimodzi, mayi wotopa alibe pokhala kuti apume, ndipo mnyamata wosweka mtima malo okhawo opitako ndi kumowa kapena kojuga.

Chachinayi ndi maso a ana. Mumzinda wa Guangzhou ku China, akatswiri adawonjezera mphindi 40 zokhala panja patsiku kwa ana oyamba sukulu m'sukulu zina, ndipo zina adazisiya momwe zidalili. Patatha zaka zitatu, mwa ana 100 alionse okhalitsa panja, 30 ndiwo adayamba vuto losaona patali, pamene kusukulu zinazo adali pafupifupi 40. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2015. Pamene ana athu a m'tauni akuyamba kuthera nthawi pa foni ndi kanema chifukwa panja palibe posewerera, nkhaniyi ikutikhudza nafenso.

Chachisanu ndi madzi a mvula. Nthaka yokhala ndi udzu ndi mizu imamwa madzi, pomwe simenti ndi malata zimangowakankhira kwa aneba akumunsi. Anthu a ku Mtandire akukumbukira momwe Lingadzi adasefukira mu 2017. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera nyumba za ku Chilobwe, ndipo dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Mvula ija idali yoopsa moti mitengo payokha sikadaletsa zonse. Koma phiri lometedwa, lomangidwa nyumba mpaka kumtunda, lidalibe chogwira nthaka, ndipo anthu adali m'njira ya matopewo. M'mbali mwa mtsinje ndi m'mapiri mukasiyidwa mitengo, malo omwewo amakhala osewerera ana m'chilimwe ndi otchinjiriza nyumba m'dzinja.

N'chifukwa chiyani osauka aziyamba?

Munthu wopeza bwino akatenthedwa amayatsa fani, akafuna kulimbitsa thupi amalipira kujimu, ana ake amasewera mumpanda. Wosauka alibe zolowa m'malo zoterezi, choncho bwalo la aliyense limamupindulira kwambiri iyeyo. Mu 2008, akatswiri awiri, Richard Mitchell ndi Frank Popham, adafalitsa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zimene adapeza ataunika anthu oposa 40 miliyoni ku England. Kulikonse osauka ankafa msanga kuposa olemera, koma m'madera obiriwira kwambiri kusiyanako kudali kochepa.

Umboni wina wamphamvu udachokera mumzinda wa Philadelphia ku America, komwe kudali mapuloti ambiri osiyidwa, odzaza zinyalala ndi tchire. Akatswiri adasankha mwamaere mapuloti oti akonzedwe ndi oti asiyidwe. Kukonzako sikudali kwapamwamba: kuchotsa zinyalala, kudzala kapinga ndi mitengo ingapo, kuika kampanda kakafupi kamatabwa, ndi kumatchetcha pafupipafupi. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2018 zidaonetsa kuti m'madera osauka, kuomberana ndi mfuti kudatsika ndi 29 peresenti pafupi ndi malo okonzedwawo, ndipo anthu okhala pafupi onena kuti akuvutika maganizo adachepa kwambiri. Philadelphia si Ndirande, koma phunziro lake likutikwana: sipafunika paki ya mamiliyoni, pamafunika kamalo kapafupi kosamalidwa.

Kufupika kwa malowo n'kofunika kuposa kukula kwake. Ofesi ya WHO ya ku Ulaya imalangiza kuti munthu wa m'tauni azikhala ndi malo obiriwira otseguka, osachepera theka la hekitala, pamtunda wosaposa mamita 300 kuchokera kunyumba kwake. Theka la hekitala ndi malo ocheperapo pang'ono pa bwalo la mpira, ndipo mamita 300 ndi ulendo wa mphindi ngati zisanu. Mu 2021 katswiri wa mitengo ya m'mizinda, Cecil Konijnendijk, adapereka muyeso wosavuta kukumbukira wa 3-30-300: uziona mitengo itatu uli pakhomo pako, gawo la 30 peresenti la dera lako likhale pansi pa mthunzi wa mitengo, ndipo paki ikhale pasanathe mamita 300. Dziko la Malawi lidavomerezanso zolinga za chitukuko za United Nations mu 2015, zomwe mwa zina zimati pofika 2030 aliyense akhale ndi mwayi wofika pamalo obiriwira otetezeka, makamaka amayi, ana, okalamba ndi anthu aulumali. Mukamapempha bwalo, mukukumbutsa boma lonjezo lake lomwe.

Madandaulo omveka

Ena amati mitengo ndi udzu zimabweretsa udzudzu. Udzudzu woyambitsa malungo umaswana m'madzi odikha, osati m'masamba. Mazira ake amafuna chithaphwi, dzenje loumbira njerwa kapena ngalande yotsekeka, ndipo m'nyengo yotentha amasanduka udzudzu wouluka pasanathe masabata awiri. Udzu wautali ungakhale pobisalira udzudzu ndi njoka, n'chifukwa chake tikunena za bwalo lotchetchedwa, lokwiriridwa maenje, osati tchire. Kudula mango a pakhomo sikuchepetsa malungo. Kukwirira zithaphwi ndi kugona m'neti usiku uliwonse ndiko kumathandiza.

Ena amati malo oterewa amasanduka mobisalira akuba ndi osuta chamba. Mantha awa ndi enieni, makamaka kwa makolo a ana aakazi. Koma malo oopsa ndi amene alibe mwini, amdima ndi obisika. Bwalo loonekera kuchokera kunyumba zozungulira, la mitengo yosadzidwa nthambi zam'munsi, lokhala ndi getsi la sola ndipo amayi ogulitsa mandasi ali pambali, limadziteteza ndi maso a anthu.

Dandaulo lalikulu ndi la malo okhala. Munthu amene akusowa pogona mungamuuze bwanji kuti pano tisiyepo posewerera ana? Yankho langa ndi lakuti bwalo limodzi limatenga malo a mapuloti ochepa koma limatumikira mabanja mazanamazana. Ndipo kawirikawiri amene amalanda mabwalo si osauka ofuna chipinda chimodzi, koma a ndalama ofuna pomanga mashopu, malo ogulitsira mafuta kapena nyumba za lendi. Komanso malo ambiri oyenera kusiyidwa, monga madambo, magombe a mitsinje ndi mapiri otsetsereka, ndi omwe sayenera kumangidwa n'kale chifukwa amapha anthu. Sindikunena kuti anthu okhala m'malo oterewa angothamangitsidwa. Kusamutsa banja osalipatsa malo ena kufupi ndi kumene limapezera chakudya ndi nkhanza, ndipo mawa lomwe lidzabwerera.

Palinso chenjezo lochokera kumizinda ina: dera likakongola, alandilodi amakweza lendi, osauka omwe adali oyenera kupindula n'kusamuka. Njira yopewera izi ndi kufalitsa timabwalo tating'ono tambiri m'madera onse, m'malo momanga paki imodzi yaikulu yapamwamba. Dera lililonse likakhala ndi bwalo lake, palibe landilodi amene angalisandutse chifukwa chokwezera lendi.

Pomaliza pali nkhani ya makala ndi nkhuni. Mabanja ambiri a m'tauni amaphikira makala, ndipo n'chimene chikumaliza nkhalango ngati Dzalanyama, komwe mtsinje wa Lilongwe umayambira. Mtengo wodzalidwa pabwalo lopanda mwini umathera pamoto. N'chifukwa chake mitengo ya zipatso imapulumuka kuposa ina: palibe amene amafulumira kudula mango kapena peyala limene ana ake amadya.

Anzathu adachita bwanji?

Mu 1989 boma la Kenya lidafuna kumanga nyumba ya nsanjika 60 mu Uhuru Park, paki imene anthu wamba a ku Nairobi amakapumako kwaulere. Mayi Wangari Maathai adalemba makalata, adapita kukhoti, adanyozedwa ngakhale m'nyumba ya malamulo, koma sadabwerere m'mbuyo mpaka opereka ndalama adachoka ndipo ntchitoyo idalephereka. Mu 2004 adalandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Pakiyo ilipo mpaka lero chifukwa munthu adalankhula maziko asadakumbidwe.

Mzinda wa Freetown ku Sierra Leone udaona tsoka lofanana ndi la ku Soche mu Ogasiti 2017, pamene phiri lidagumuka ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Mu 2020 meya wa mzindawo, Yvonne Aki-Sawyerr, adayambitsa ntchito yodzala mitengo miliyoni imodzi. Chosiyana ndi zomwe tidazolowera kuno n'chakuti anthu a m'maderamo amalipidwa posamalira mitengoyo, ndipo mtengo uliwonse umajambulidwa pafoni nthawi ndi nthawi kuti aone ngati ukadali moyo. Kwathu kuno nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo chaka chilichonse, ndipo timamva kuchuluka kwa mbande zodzalidwa. Chiwerengero chofunika kwambiri ndi cha mitengo imene ikadali moyo mu Okutobala wotsatira.

Zimene inu mungachite

Kwa inu odzipereka pa zaumoyo, amayi a m'magulu a kadyedwe kabwino ndi makomiti a zaumoyo a m'madera: mumadziwa kale kuwerenga zimbudzi, mijigo ndi ana osabayitsa katemera. Onjezani mzere umodzi m'kaundula wanu. Yendani dera lanu, mulembe malo onse otseguka amene atsala: bwalo la sukulu, la tchalitchi kapena mzikiti, dambo, gombe la mtsinje, malo otayira zinyalala, ngakhale mtengo waukulu umodzi umene anthu amakhala pansi pake. Pamalo aliwonse lembani kuti ndi a yani, amagwiritsa ntchito ndani, ndipo ndi nyumba zingati zomwe zili pamtunda wa mphindi zisanu. Perekani zimenezi kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu ndi kukomiti ya chitukuko, ngati nkhani ya umoyo.

Mukatero pitani kwa khansala wanu muli gulu, mufunse kuti pamapu a khonsolo ndi malo ati m'dera lanu amene adasiyidwa kuti akhale otseguka. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho muli ndi mphamvu yopempha zimenezi mwa kalata. Lamulo la mapulani a malo la 2016 limafuna kuti zomangamanga zizichitika ndi chilolezo. Mukaona mchenga watsitsidwa pabwalo la ana, funsani tsiku lomwelo kuti chilolezocho chili kuti. Madzi akatayika saoleka. Khoma likafika pawindo, ngakhale khonsolo imachita ulesi kuligwetsa.

Kumadera a m'mphepete mwa mzinda, kumene minda ikusanduka mapuloti lerolino, ndiko kuli mwayi waukulu. Lankhulani ndi mafumu ndi eni minda malo asadathe, kuti apatule bwalo monga momwe amapatulira manda, liikidwe zizindikiro za malire ndi kulembedwa pamaso pa anthu. Inunso ogula puloti, musangofunsa za madzi ndi magetsi. Funsani kuti ana azikasewera kuti. Ogulitsa akaona kuti ogula akufunsa zimenezi, adzayamba kusiya malowo okha.

M'madera odzaza kale, bwalo la sukulu ndilo paki yapafupi. Mipanda ya sukulu ndi yofunika poteteza ana ndi katundu, koma komiti ya sukulu ingathe kugwirizana ndi makolo kuti geti lizitsegulidwa maola ena madzulo ndi Loweruka, pakhale akuluakulu osinthana kuyang'anira. Mipingo ndi mizikiti yokhala ndi mayadi akulu nayonso ingachite chimodzimodzi. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Bwalo likapezeka, onetsetsani kuti ndi la onse. Nthawi zambiri anyamata a mpira wa miyendo amalitenga lonse, atsikana a ntchemberembaye, ana ang'onoang'ono ndi agogo n'kusowa pokhala. Gawanani masiku ndi maola. Siyani kona ya mthunzi yokhala ndi mabenchi, ngakhale a zipika. Njira yolowera ikhale yosalala kuti njinga ya olumala idutse. Pakhale chimbudzi ndi posamba m'manja, apo ayi bwalolo lisanduka gwero la kolera ndi matenda otsegula m'mimba.

Pakhomo panu, ngakhale puloti ili yaing'ono, mtengo umodzi umakwana. Udzaleni chakumadzulo kwa nyumba kuti uzitchinga dzuwa la masana, motalikirana ndi khoma, chimbudzi, mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi. Mango, mapeyala, magwafa, nimu ndi chammwamba zimachita bwino m'tauni. M'mbali mwa mitsinje mumayenera katope, mkuyu, nsungwi ndi udzu wa vetiva. Bulugamu amamwa madzi ambiri, musamuike pafupi ndi chitsime. Tchingirani mbande kuti mbuzi zisadye, ndipo muziithirira m'chilimwe kwa zaka ziwiri zoyambirira, ngakhale ndi madzi otsukuluzira mbale. Ngati muli pa lendi, kambiranani ndi alandilodi. Mwina inu mudzasamuka mtengowo usadabereke, koma mwana wina adzagona bwino m'nyumbamo.

Kwa akuluakulu a makhonsolo, pempho ndi lakuti ndalama za mitengo ndi mapaki zisamathere pa maraundabauti ndi misewu yodutsa alendo. Yambani ndi dera limene lili ndi ana ambiri ndi mthunzi wochepa. Chaka chilichonse tiuzeni poyera kuti ndi anthu angati mu wodi iliyonse amene angafike pabwalo lotseguka m'mphindi zisanu, monga momwe timalengezera chiwerengero cha ana obayitsa katemera.

Ana amene akubadwa chaka chino kuzipatala za m'mizinda yathu adzakula m'madera amene akudulidwa mapuloti panopa. Ngati adzakhale ndi pothamanga, kapena adzakulira m'ngalande, zikugamulidwa miyezi ino ndi anthu ogwira chingwe choyezera malo. Musadikire kuti wina adzakuitaneni kumsonkhano umenewo. Tenganani ndi aneba anu, mukaime pomwe akuyezapo, munene kuti apa ndi pa ana.